Makalipa Ofiira a Horia

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo za galimoto ku Sibiu, Horia anali atakumbatira mabotolo akuluakulu a mafuta a mabuleki. Bambo wina waimvi amene anali kumbuyo kwake analephera kupirira.

"Achimwene, mafuta onsewa mukumwa kapena?"

"Musaseke, bambo," anatero Horia. "Ndamanga makalipa atsopano kutsogolo, zitsulo zopana mabuleki zija, ofiira psuu. Ndachotsa mpweya mpaka mwendo kuwawa, koma ndikaponda buleki zikungokhala ngati ndaponda buledi."

"Kabawuti kotulutsira mpweya kali kumwamba kapena kumunsi?"

"Kumunsi. Amaoneka bwino choncho."

"Mayo ine! Mwasinthanitsa, kalipa yakumanja mwaimanga kumanzere. Mpweya umakwera m'mwamba, inu khomo mwauikira pansi. Utulukira pati?"

Horia anagwira pakamwa, kenaka n'kuphulika kuseka.

"Basi, ndikonza Lolemba. Mawa ndikunyamula mkwatibwi, kutsika naye phiri la Păltiniș. Mkwati ndi mnzanga, akuti akufuna galimoto yobangula kuti mudzi wonse umve."

"Lolemba? Mkwatibwiyo dzina lake ndani?"

"Akuti Ilinca. Ine sindinamuonepo."

Bambo aja anabweza pashelefu zomwe ananyamula, nayamba kupinda manja a malaya.

"Jeke muli nayo?"

"Ili m'galimoto. Bwanji kodi?"

"Ilinca ndi mwana wanga. Tiyeni panja, tikagulule matayala. Mkamwini wokonda phokosoyo ndamupirira, koma mabuleki anuwa ndiye ayi!"