Impso ya a Lefina Ilibe Mlandu

Malume a Yobu, pepala munandipatsa m'mawa lija kuti ndiwerenge pano ndalipinda, lili m'thumbamu. Munalembamo mzere umodzi wokha wonena za imfayi, woti malemu atisiya atadwala nthawi yaitali. Mzere umenewo ukubisa munthu, ndipo munthuyo ndinu. Mafumu, abusa, akulu a mpingo ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, mundikhululukire. Ine ndine Sankhani, mng'ono wawo wotsiriza wa malemu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma mbiriyi ndalemba ndekha, ndipo masiku a matenda onse ndawatenga m'buku lawo la kuchipatala.

Malemu a Lucious Chikhasu anabadwira kuno ku Kapelula pa 14 Malichi 1974, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Oyamba kubadwa ndi achemwali athu a Lefina, amene mukuwaona akhala okhaokha uko patsinde pa mango, kutali ndi amayi anzawo.

Sukulu anayamba mu 1981. Mtsinje ukadzaza nthawi ya dzinja, a Lefina ndiwo ankawaolotsa atawabereka kumsana, mabuku atawasenza pamutu. Sekondale anamaliza mu 1993, n'kukaphunzira zaulimi, ndipo mu 1997 boma linawalemba ntchito ya ulangizi ku Chisemphere. Pa 7 Ogasiti 1999 anamanga ukwati woyera ndi mayi Ezelina mu mpingo wa CCAP, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2005, chaka chomwe makuponi a feteleza anayamba, anawasamutsira ku Njombwa. Kumeneko anapeza mateneti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Machinga, akuuzidwa kuti teneti alibe mudzi kuno, choncho dzina lake silingalowe m'kaundula. Malemu anapalasa njinga esiteti ndi esiteti, kulemba maina, n'kumakachonderera mafumu kuti awalandire anthuwo ngati awo. Ena anavomera, ena anawatcha mlangizi wa obwera. Dzinalo iwo ankalikonda.

Mu 2009 anawapeza ndi matenda a shuga. Maso anayamba kuchita chidima, ndipo pofika Meyi 2011 impso zonse ziwiri zinali zitaleka kugwira ntchito. Anakhala chaka chathunthu ku Lilongwe, akumawalumikiza ku makina otsuka magazi kawiri pa sabata. Madokotala ananena kuti chotsala ndi kupeza wachibale wopereka impso. Tinayezedwa anthu anayi. Magazi anga sanagwirizane ndi awo. Ogwirizana anali a achemwali a Lefina, ndipo iwo sanapemphe ngakhale tsiku limodzi loti akaganize. Anangofunsa kuti ndani awaonerako nazale ya fodya akachoka.

Pa 21 Ogasiti 2012, kudziko la India, impso imodzi ya a Lefina inaikidwa m'mimba mwa mlongo wawo. Mu Okutobala anabwerako onse awiri akuyenda okha.

Apa mvetserani bwino, chifukwa imfa yawo yagona pamenepa. Thupi la munthu lili ndi asilikali ake, amene tonse timati chitetezo. Asilikaliwo sadziwa chibale. Akaona chiwalo chochokera kwa munthu wina, ngakhale wobadwa naye bere limodzi, amachimenya mpaka kuchipha. Ndiye wolandira impso amamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, moyo wake wonse, oti asilikaliwo azikhala ofooka. Malemu ankati impsoyo ndi teneti wawo. Akakumana ndi a Lefina panjira ankati, "Achemwali, teneti wanu uja sadavute lero, koma alonda a esiteti akumuyang'anabe ndi diso loipa." A Lefina ankayankha kuti, "Mumusunge bwino, achimwene, mnzake watsala yekha kunyumba kuno."

Dokotala amene anawaika impsoyo ku India anawauzanso kuti kumaiko ena akatswiri akuyesa njira zatsopano, monga kutenga timbewu ta magazi ta m'mafupa a wopereka impso n'kutiika mwa wolandira, kuti thupi liphunzire kuona impsoyo ngati yakeyake, mankhwala n'kuchepa kapena kulekeka. Anati njirazo zidakali zoyesa ndipo asazidikire. Koma malemu anazisunga mumtima. Ankati tsiku limenelo teneti adzalembedwa m'kaundula wa mudzi. A Lefina ankati likadzafika, za m'mafupazo adzaperekanso.

Mankhwala awo tinkakatenga ku Lilongwe, a miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo opita anali alamu athu mayi Ezelina. Sabata yachiwiri ya Novembala 2013 tsiku lokatenga mankhwala linakumana ndi feteleza wa makuponi. Mvula inali itayamba kugunda. Alamu anali pamzere kudepoti tsiku lachitatu, ndipo kuchokapo kunali kutaya malo. Ine ndinali pamzere womwewo. Malume a Yobu, mwini mbumba wathu, anati atipitira. Tinawathokoza.

Zomwe zinachitika ku Lilongwe ndinazimva kwa mayi wa pawindo logawira mankhwala, amene akuwakumbukira bwino malumewa chifukwa anakangana nawo. Malume anafunsa kuti mankhwalawa ntchito yake n'chiyani. Mayiyo anati amatsitsa chitetezo. Malume anakalipa, amvekere, inu mukupha mwana wa mlongo wanga masanasana.

Sindikufuna kuwanamizira mtima. Malume anaika m'manda ana awo atatu m'zaka zija mawu oti chitetezo chatsika ankatanthauza bokosi. Tonse kuno tinaphunzira kuti chitetezo chikatsika munthu wapita, chikakwera wapulumuka. Palibe anatiuza kuti alipo munthu amene chitetezo chake chikakwera ndiye afa. Mayi wa pawindo uja anayesa kuwafotokozera, anthu pamzere akukuwa kuti achoke, koma malume ananyamula jumbo n'kumapita.

Pobwerera anatsikira pa tauni ya Kasungu, kwa bambo uja amayala mabotolo pa tebulo n'kumalengeza pa chimkuzamawu kuti makapisozi ake amakweza chitetezo. Anakhuthula mabotolo a kuchipatala n'kuthiramo amenewo. Alamu ataona kuti mtundu wasintha anafunsa, malume anati achipatala asintha kampani. Zimenezo zinali zitachitikapo kale kamodzi, ndiye alamu anakhulupirira. Malemu maso anali atafooka, ankangotambasula dzanja n'kumeza zomwe apatsidwa, akuthokoza.

Mu Disembala anayenera kukayezetsa magazi, koma madzi anakokolola mlatho wa kumsewu wathu ndipo anaphonya tsikulo. Pa Khirisimasi mapazi anatupa, nsapato zinakana kulowa. Chaka chatsopano chitangolowa mkodzo unayamba kuchepa, thupi kutentha, ndipo pamimba pamene panali impso paja sankalola kuti pakhudzidwe. Pa 13 Januwale 2014 tinawagoneka m'chipatala ku Lilongwe. Dokotala anati thupi lakana impso. Anatinso m'magazi mwawo mulibe ngakhale kadontho ka mankhwala aja, ndipo anayang'ana alamu ngati kuti ndiwo ankawamana. Alamu analira mpaka kugwa pansi. Malume munali pomwepo. Simunanene kanthu.

Mawu oti "lakana" aja anafika kuno kumudzi ife tisanabwere, ndipo pofika anali atasintha. Kudambwe, kuchigayo, kumjigo, nkhani inali yoti impso yakana chifukwa mwini wake anapereka ndi mitima iwiri. Ena anati a Lefina anaitumiza ndi mankhwala kuti ikadye mlongo wawo m'kati. Ena akuti popeza chiwalo cha munthu wamoyo chikulowa m'manda lero, mwini wake ayenera kuchitsatira, ndipo akuwawerengera miyezi. A Lefina, mayi amene ali ndi chipsera chotalika ngati chikhatho ndi theka m'nthiti mwawo chifukwa cha munthu wagona apayu, dzulo anakanizidwa kulowa m'nyumba ya siwa. Dzulo lomwelo m'mawa anapeza mizere isanu ndi umodzi ya fodya wawo itatchetchedwa ndi zikwanje, fodya woti akanayamba kuthyola sabata ino. Kuchimuna kwawo atumiza kale mawu oti maliro akatha pali nkhani yoti akambe. Amene anayamba ndi fodya sindikudziwa kuti mawa adzatchetcha chiyani.

Lachinayi lapitali, pa 6 Febuluwale, ndinapita kuchigafa cha malume kukabwereka mikangala yoyanikira fodya wa malemu. Ndikusolola mitengo kudenga, panagwa jumbo yakuda yomwe inafwatikidwa muudzu. Ndi iyi ndaika patebuloyi. Muli mankhwala a miyezi itatu, osachotsapo ngakhale piritsi limodzi. Ndinapita nawo ku Lilongwe, pamodzi ndi mabotolo a kunyumba, ndipo achipatala anatsimikiza kuti enieni ndi a m'jumbowa, a m'mabotolo aja si awo. Ndinafuna kuwauza achimwene, koma ndinapeza sakumvanso. Makina otsuka magazi anawabwezerapo, koma mtima unali utatopa. Lamulungu pa 9 Febuluwale 2014, nthawi ya 10 koloko m'mawa, anatisiya, atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka makumi anayi. Masiku awo omaliza akulankhula, ankangopepesa kwa a Lefina kuti teneti wawo sanamusunge bwino. Anapita akudziona olakwa.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Ezelina, ana atatu, Fyness, Moffat ndi Thoko, achemwali awo a Lefina, ndi ife ang'ono awo atatu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene analimbana nawo mpaka mapeto, anzawo a ku ofesi ya zaulimi amene atithandiza galimoto, amayi a Chigwirizano, adzukulu amene akumba manda m'mvula, ndiponso mateneti a ku Njombwa amene ayenda wapansi kuchokera kuesiteti kudzaperekeza mlangizi wawo. Achimwene, ntchito yanu mwaigwira. Mulungu akulandireni, mukapume kumene thupi silikana kanthu.

Koma ine sindikhala pansi. Bambo wa mabotolo uja Loweruka adzayalanso tebulo lake, ameneyo tikaonana naye kupolisi. Inu malume, ndikudziwa simunafune kupha. Chomwe ndikukana ndi masabata anayi amene mwakhala chete anthu akudya mwana wa mlongo wanu wamoyo, inu mukudziwa zomwe zili m'denga la chigafa chanu. Adzukulu, ndikupempha, chivundikiro cha bokosi chidikire pang'ono. Achemwali a Lefina, dzukani pamangopo mubwere muime pafupi ndi mlongo wanu, malo anu ndi ano. Malume a Yobu, mafumu ali apa, mpingo uli apa, otchetcha fodya aja ali momwemuno akumva. Imirirani muwauze ndi pakamwa panu: jumbo iyi inafika bwanji m'chigafa chanu, ndipo impso ya a Lefina inalakwa chiyani?