Mwana wa Mbibu Amakhala Panja

Pamzere wodikira basi, mayi wina wonyamula mbande m'chitini ankangoyang'ana manja a bambo amene anali patsogolo pake. Zala zawo zinali zakuda bii, khungu losupukasupuka.

"Pepani bambo, munapsa ndi moto?"

"Ndi mtengo mwanyamulawo, mayi. Ntchito yanga ndi yoswa mbibu."

"Iii! Ine ndaugulira kukongola. Chipatso chofiira psuu, kambewu kali lende kunsi kwake ngati ndolo."

"Kukongola ndiye musanene. Mitengo ina imabisa mbewu m'mimba mwa chipatso, koma uwu umaika mwana panja. Kungoti chikamba chakecho chili ndi mafuta oopsa. Akakukhudzani ndi matuza okhaokha, kuyabwa kwake mpaka kulira. N'chifukwa chake timayamba tawotcha tisanaswe."

"Nanga mdzukulu wanga? Akangoluma bango losasenda, milomo yonse imatupa."

"Ameneyo asayandikire n'komwe. Mango ndi mbibu ndi pachibale, utomoni wawo umaluma mofanana. Mukadzale kutali ndi posewerera, ndipo musanamupatse kuti alawe mukafunse kaye kuchipatala."

Mayi uja anakweza chitini chija n'kuyang'anitsitsa mbandeyo.

"Ndiye mukuti mwana ali poyera, aliyense akumuona, koma wogwira apsa?"

"Mwamva bwino."

"Koma mtengo uwu ndi kholo! Ine wanga wamkazi ndinkamutsekera m'nyumba, geti loko, foni yomwe ndinalanda. Koma mdzukulu ndikunenayu anabwerabe."