Tepi ya Amayi Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine Feliksi, wa kuno ku Kasina. Ambiri mumandidziwa kuti ndimaphunzitsa za zipembedzo ku yunivesite. Ndaima pano ndili wotopa, koma mundilole ndilankhule.

Ndinapita kusukulu ndi kolona m'thumba, ndinabwerako ndi kawailesi kojambulira mawu. Kumeneko tinkaphunzitsana kuti wofufuza asamalowerere, azikhala pambali n'kumaonerera. Lamulo limeneli ndinaligwira ndi manja awiri. M'tchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo, kope lili pamwendo. Anthu akagwada, ine ndinkalemba kuti agwada.

Matipate atabwera anthu anamasuka pakamwa, ntchito yathu n'kuchuluka. Misonkhano, mapepala, kukangana ndi anzanga kuti dzina la ndani likhale pamwamba, tikaweruka n'kumakathera ku mowa. Ndinkagona wotopa, kudzuka wotopa. Kunyada nakonso ndi katundu, abale, kumalemera.

Chaka china mu Juni, chisanu cha kuno chitafika pachimake, unabwera uthenga woti amayi anga adwala kwambiri. Ndinatsika basi pa Linthipe, chikwama cha matepi chili paphewa. Kunyumba ndinapeza azimayi a mumphakati wathu wa mpingo atazungulira mphasa ya amayi, akupemphera kolona. Mukudziwa zimene ndinaganiza? Ndinati mapemphero a odwala akumudzi sindinawajambulepo. Ndinakhala pakhomo n'kudina batani la kawailesi kaja.

Amayi anamwalira mawa lake. Sindinalire. Tepiyo ndinailemba nambala n'kuiponya m'katoni.

Patapita zaka ziwiri, ndikukonza pepala lokawerenga kumsonkhano, ndinaitulutsa m'katoni muja n'kuyamba kuimvera muofesi masanasana. Ndinamva kolona, nkhuku panja, chifuwa cha amayi. Kenako mawu awo, otsika kwambiri:

"Feliksi, tasiya kachinthuko, mwanangawe. Bwera undigwire dzanja, unditsogolere Tikuoneni Maria."

Ndiyeno mawu anga, omveka bwinobwino chifukwa ndinali pafupi ndi makina:

"Tadikirani pang'ono amayi, nditembenuze tepi."

Mbali inayo amayi sakumvekanso. Anali atagwidwa ndi tulo, ndipo sanalankhulenso mpaka kutsirizika. Chondichititsa manyazi n'chakuti ndinali nditaiwaliratu zoti anandiitana. Makina anawamva, mwana wawo sanawamve.

Ndinatseka chitseko n'kugwada pakati pa makatoni. Ndinayamba pemphero lija, koma pakatikati mawu anandithera, ine amene ndinalilembera masamba ambirimbiri. Ndinabweza tepi m'mbuyo. Azimayi a mumphakati aja, amene ena mwa iwo sadziwa ndi kulemba dzina lawo lomwe, ndi amene ananditsogolera, ine n'kumatsatira mwachibwibwi. Tsiku limenelo ndi limene ndinalira maliro a amayi anga.

Ntchito sindinasiye, maphunziro si tchimo ayi. Mowa ndinasiya. Kutopa sikunathe konse, ndipo dzanja lija sindidzaligwiranso pansi pano. Koma Ambuye, amene ndinkawawerenga ngati phunziro la mayeso, anandichotsa pakhomo paja n'kundilowetsa m'nyumba. Tsopano ena akagwada, nanenso ndimagwada. Atamandike Yesu Khristu chifukwa cha chifundo chake.

Inu amene mwakhala kumbuyoko, benchiyo ndimaidziwa, ndi yozizira. Sunthirani kuno tipemphere limodzi. Ndipo ngati kwanu alipo amene akukupemphani dzanja, mukampatse lero lomwe. Musakamuuze kuti adikire.