Mlandu wa Nkhanu

Phungu wathu atanena m'Nyumba ya Malamulo kulikulu la dziko ku Quito kuti nkhanu za m'matope a kwathu kuno zili ndi poizoni, wailesi n'kumaulutsa mawuwo m'mawa ndi madzulo, msika wonse unangoti zii. Doña Herminia Quiñónez, amene akhala akuphika nkhanu zothira kokonati pamsikapo kuyambira ali mtsikana, anapita kwa loya Fulgencio Mera atanyamula poto wopanda kanthu, n'kumukhazika pamwamba pa mabuku a loyayo.

"Ndabwera kudzasuma, a loya."

"Mukusumira poto?"

"Wailesi. Ndi phungu yemwe. Malo akatsala muikemonso Nyumba ya Malamulo yonse, ndi mipando yomwe."

A Mera anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye. "Mipando ilibe mlandu, Doña."

"N'zoona. Kumeneko imagwira ntchito ndi yokhayo."

"Tiyambe ndi phungu. Mawuwo anayankhulira pati?"

"Pakamwa pake pomwe paja, pamene pankatafuna nkhanu zanga nthawi ya kampeni."

"Ndikufunsa malo. M'kati mwa Nyumba kapena panja?"

"M'kati."

"Basitu. Phungu akayankhulira m'kati muja, lamulo limamuteteza."

"Ngakhale aname?"

"Lamulo silinatchule za kunama. Linatchula za m'kati."

"Oho. Ndiye kuti tinasonkha msonkho kumangira bodza denga kuti lisanyowe."

"Ndinamva kuti dengalo limadontha. Koma imeneyo ndi nkhani ina."

Doña Herminia anasendeza mpando kufupi. "Lamulo lokomalo analemba ndani?"

"Aphungu."

"Koma ndiye ndi anthu oganizira anzawo. Nanga akabwereza mawuwo ali panja?"

"Pamenepo tingakhale ndi poyambira."

"Ndikamukoka ndi taye mpaka pakhomo."

"Phazi limodzi likatsalira m'kati, nkhani ivuta. Komanso akakhala panja amati nkhanu zathu n'zokoma kuposa za kwina kulikonse. Ndinamumva ndekha paukwati wa mphwake."

"Iii, zikomo kwambiri, ndikauza ana adye mawu amenewo. Chabwino, musiyeni. Wailesi ilibe denga limenelo. Imeneyo ndiye isumireni."

"Inanena chiyani? Mawu ake enieni."

"Kuti nkhanu zathu zili ndi poizoni."

"Ayi, ndinkamvera ndikumeta ndevu. Inati phungu wanena kuti nkhanu zili ndi poizoni. Kodi phungu sananene?"

"Ananena."

"Ndiye wailesi inanena zoona."

"Zoona za bodza."

"Bodzalo mwini wake ndi phungu."

"Amene sitingamusumire."

"Mumamva msanga, Doña. Ena ndimawafotokozera mpaka dzuwa kupendeka."

Mayiwo anavundukula poto uja n'kumupendeketsera kwa loyayo kuti aone m'kati. A Mera anasuzumira mwaulemu.

"Mwatsuka bwino," anatero.

"Sindinaphikemo chiyambire nkhaniyi, ndiye adetsedwe ndi chiyani? Azimayi amene amalowa m'matope mpaka m'chiuno, udzudzu ukuwadya, akumabweza nkhanu m'madzi chifukwa palibe wogula. Don Eleuterio, amene ankatibweretsera nkhanuzo, wagulitsa injini ya bwato lake. Mwana wanga wamkazi akumanga katundu, akuti akafune ntchito ya m'nyumba kumzinda wa Guayaquil, ana andisiyire ine. Achipatala anabwera, anaziyeza nkhanuzo, anapeza kuti zili bwinobwino."

"Wailesi inalengeza zimenezo."

"Kamodzi. Pakati pa nyimbo ndi malonda a mankhwala a njoka za m'mimba."

"Mankhwala ake ndi abwino amene aja."

"A loya, ndikukuuzani kuti anthu onse apwetekeka."

"Anthu onse ndiye ndani? Khoti limafuna wodandaula wokhala ndi dzina."

"Lembani Herminia."

"Ndiye kuti si anthu onse, ndinu nokha."

"Lembani anthu onse."

"Anthu onse alibe chiphaso."

"Ndikawatenga. Msika wonse, ndi a m'matope omwe, abwere muwaone."

A Mera anayang'ana pansi, pamene panali pokolopedwa kumene. "Akasambe kaye."

"Kodi kusukulu ya malamulo kuja munkaphunzira kuthandiza anthu, kapena kuwatopetsa?"

"Kunalibe phunziro lililonse mwa awiriwo. Kunali la malire a minda, la maukwati, la..."

"Ndiye mwachidule, wonama sitingamugwire chifukwa ananamira m'nyumba. Wofalitsa sitingamugwire chifukwa anangonyamula. Ovutika sangadandaule chifukwa achuluka."

"Ndikanakonda ndikanalemba mmene mwaneneramo. Mwaiwala mipando yokha."

Doña Herminia anaimirira, anatenga poto wawo, n'kutuluka mpaka pakati pa msewu, pamene anthu ankadikira basi. Anamenya potoyo ndi chivundikiro mpaka onse anacheuka.

"Tamverani kuno! Phungu wathu ndi wabodza, ndipo anachita kulipidwa ndi eni maiwe a nsomba kuti atithamangitse m'matope. Muulutsi wa pa wailesi uja nayenso amadyera m'mbale yomweyo!"

Ena anaomba m'manja. Mayiwo anabwerera m'ofesi muja akupumira m'mwamba, ndipo anapeza a Mera ataimirira, nkhope itawala.

"Doña, mwayankhulira panja?"

"Panja penipeni."

"Anthu amva?"

"Mpaka wogontha wogulitsa malalanje uja."

"Munayamba ndi mawu akuti 'wakuti wanena kuti'?"

"Ndanena ndekha, ndi pakamwa pangapa."

"Za kulipidwazo umboni muli nawo?"

"Umboni wa chiyani? Aliyense akudziwa."

A Mera anatikita manja n'kukoka cholembera. "Tsopano mlandu ulipo. Wokongola. Woweruza sangachedwe nawo n'komwe."

"Mwaonatu. Ndimadziwa kuti mukakanikizidwa mumatuluka madzi. Tiyambe ndi uti, phungu kapena wailesi?"

"Khalani pansi, Doña. Wosumiridwa ndinu."