Dimba la a Zikhalo Lasanduka Umboni

Basi ya ku Dedza itachedwa pa siteji ya Mayani, a Zikhalo, mlimi wa kachewere, anaona kuti bambo wogulitsa nsalu amene anakhala nawo pabenchi alibe kothawira.

"Achimwene, musadzayerekeze kubwereketsa dimba kwa ana asukulu."

"Akuberani?"

"Bola akanandibera. Anaikamo nazale ya mitengo, ati mvula yasokonekera chifukwa tameta phiri. Lachisanu lililonse madzulo amakumana kukambirana."

"Si zabwino zimenezo, bambo?"

"Zabwino zedi. Mlungu woyamba anasankha wapampando. Wachiwiri, oluza anayambitsa gulu lawo. Paja ndi matipate."

"Nanga kuthirira?"

"Wothirira sanamuvotere. Wokhulupirika ndi mbuzi yanga yokha. Siinajombepo ku nazaleko, mpaka mbande zonse zatha."

"Ndiye mwapulumukatu! Kabzaleni kachewere wanu nthawi isanathe."

"Dzulo ndinanyamula khasu, koma anandibweza. Akuti dimbalo tsopano ndi umboni, lisakhudzidwe mpaka akambirane za kuipa kwa mbuzi."

"Liti?"

"Lachisanu. Andiitana ngati mlendo wolemekezeka."

"Ndiye mupita?"

"Ndipita ndi mbuziyo. Ndi yokhayo ikudziwa pamene panali mitengo."