Lubani wa Fakiri

Pasiteji ya Ngala, mayi wina wachisilamu anasendera kwa namwino amene ankadikira minibasi.

"Anesi, anyamata akukomoka masiku anowa, si chamba chomwechi?"

"Chamba timachidziwa, mayi, takula tikuchiona. Ichi n'chachilendo. Mwana amabwera maso ali tong'o, thovu kukamwa, ife n'kusowa pogwira."

"Inu mumangowakalipira ana athu."

"Kukalipako ndi mantha! Wina watsirizikira m'manja mwangamu Lachiwiri lapitali, mankhwala omupatsa osawadziwa."

"Nanga chimaoneka bwanji?"

"Timasamba touma m'timapaketi tonyezimira. Ogulitsa amanamizira kuti ndi lubani."

Mayi uja anafumbata chikwama chake.

"Lubani? Fakiri mwana wanga wandisungitsa timapaketi totero m'chikwama muno. Akuti ndi wakumzikiti."