Amene ndinkawachitira nsanje ndiwo ananditengera kuchipatala

Abale ndi alongo anga mwa Khristu, landirani moni wochokera kuno ku Chia. Ine ndine Nabanda, telala. Ndikufuna ndikuuzeni za nyamakazi imene inandiumitsa zala, komanso za nsanje imene ndinachitira mnzanga pa nthawi ya matendawo. Za nsanjezo ndimachita nazo manyazi, koma nditazisiya umboni wangawu ungakhale wabodza.

Ndinasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu. Mayunifolomu a ana a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a Mvano, madiresi a ukwati, zonse zinkabwera kwa ine. Tsidya lina la msewu kunali mayi Asiyatu, Msilamu wochokera ku boma, amene anakwatiwa kuno. Atangofika ankalephera kudula kolala, ndipo ndinawaphunzitsa ndine. Masiku amenewo ndinkawakonda, mwina chifukwa anali pansi panga.

Matenda anayamba nthawi yokolola mpunga. M'mawa zala zinkauma, m'mfundo mukutupa ndi kutentha, manja onse awiri. Kenako zinalowa m'mawondo ndi m'akakolo, moti kupalasa makina kunakhala chilango. Kuchipatala chathu chaching'ono ankandipatsa mankhwala opha ululu, ndikamwa ndinkapezako bwino mpaka masana basi. Tsiku lina sizasi inandipulumuka ndikudula nsalu ya mkwati, nsaluyo inang'ambika pachifuwa penipeni. Mayi ake a mkwatiyo sanandikalipire. Anangoipinda, n'kuwoloka nayo msewu kupita kwa mayi Asiyatu, ine ndikuona.

Ndinasiya kusoka n'kukhala pakhomo. Amuna anga, bambo Phiri, ndiwo ankandimanga mabatani asanapite kunyanja. Nyumba yathu ili pafupi ndi msewu, choncho tsiku lonse ndinkamva makina a mayi Asiyatu akulira. Pofika nthawi ya Idi anagula makina achiwiri, amagetsi. Abale anga, magetsi akazima ine ndinkakondwera. Ndinkakhala pamphasa, zala zikuwawa, n'kumamwetulira chifukwa makina a mnzanga aleka kulira.

Chinandipweteka koposa n'chakuti amayi a Mvano, anzanga amene ndinkaimba nawo, anayamba kukasoketsa mabulauzi awo komweko. Lamulungu ndinkayang'ana makolala awo m'malo momvera ulaliki. Kadulidwe kanali kanga, kamene ndinawaphunzitsa ndekha. Popemphera ndinkafunsa Mulungu kuti ine ndinalakwanji, popeza ndimam'tumikira, koma zala zabwino wapatsa wina. Kenako ndinachita choipa. Ndinauza mayi wina wa pamsika kuti matenda angawa si wamba, pali munthu amene wapindula nawo. Sindinatchule dzina, koma panalibe amene sanamve kuti ndikunena ndani.

Ndinafika potaya mtima. Ndinapempha Ambuye kuti ngati sandichiritsa, andichotse kuno, ndikakhale kwa mchemwali wanga ku Malengachanzi komwe sindingamve makinawo. Sindinapemphe kuti andichotsere kaduka, chifukwa sindinkaona kuti ndi tchimo. Ndinkaona ngati ndi chilungamo.

Patangopita masiku ochepa, mayi Asiyatu anaodira pakhomo panga m'mawa. Ndinawayalira mphasa chifukwa cha ulemu chabe. Anakhala pansi, natenga dzanja langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Anabanda, zimene mukunena za ine ndazimva," anatero. "Zimenezo tikambirana tsiku lina. Koma zala izi ndinazionapo. Azakhali anga zinawayamba chonchi, anachedwa, mpaka zinapindika zonse."

Anandiuza kuti mwana wawo wamkulu, Zainabu, ndi namwino pa chipatala china chachikulu ku Lilongwe, ndipo anam'fotokozera kale za ine. Zainabu anati nditenge kalata yonditumiza kuchokera kuchipatala chakuno, akandionetsa kwa dokotala wa matenda otere. Ndinakana kawiri konse. Sindinkafuna kuti thandizo langa lichokere m'dzanja limenelo. Bambo Phiri ndiwo anandiuza kuti ngati ndikufuna kupunduka chifukwa cha kunyada, ndipunduke ndikudziwa kuti ndasankha ndekha.

Tinapita. Mayi Asiyatu anatseka ntchito yawo masiku awiri, sukulu zili pafupi kutsegulira, nthawi imene telala sachoka pamakina. M'minibasi ankanditchingira mawondo kuti anthu asandigunde ndi katundu. Ine m'malo mothokoza ndinkayang'ana zala zawo zowongoka zikutsegula chikwama mosavuta.

Atandiyeza magazi, dokotala, mayi wodekha kwambiri, anandifotokozera kuti palibe amene wandilodza. Anati asilikali a m'thupi langa, amene amayenera kumenyana ndi tizilombo, atembenukira mfundo za mafupa anga. Anajambula papepala kabwalo, nati ndi mmodzi wa asilikaliwo. Pakhungu lake pali timakomo ting'onoting'ono timene mchere wa m'thupi umalowera ndi kutulukira, ndipo timakomoti tikamatseguka kwambiri msilikaliyo amalusa. Anati akatswiri akupanga mankhwala otchedwa ma antibodi, amene angapite kukagwira timakomo ta asilikali osokonekerawo okha, n'kusiya abwinowo kuti azititeteza. Ndinafunsa kuti andipatse amenewo. Anaseka pang'ono, nati amenewo akadali kuyesedwa, sanafike kwa odwala ngati ine, koma alipo ma antibodi ena amene amatontholetsa asilikali m'njira ina.

Anandiyambitsa mapiritsi omwa kamodzi pa sabata. Ndinamwa miyezi ingapo, kusintha kunali kochepa. Kuchipatalako ndinadziwana ndi mayi wina wa ku Dwangwa amene tinayamba limodzi mankhwalawo. Iye anachira msanga, moti ankabwera akuwomba m'manja popereka moni. Naye ndinam'chitira nsanje, mayi wosalakwa amene ankandigawira nthochi pamzere. Apa m'pamene ndinazindikira kuti vuto silinali mayi Asiyatu. Ndinalira pabenchi pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapempha Mulungu kuti andikhululukire.

Dokotala ataona kuti mapiritsi sakukwanira, anati andiike pa mankhwala a ma antibodi aja olowera m'diripi. Mankhwalawo sapezeka nthawi zonse, ndipo ndinadikira ndithu. Zainabu ndiye ankafunsafunsa, mpaka tsiku lina anaimbira mayi ake kuti ndinyamuke. Ndinagona pabedi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madzi akudontha pang'onopang'ono. Anandichenjeza kuti chitetezo changa chitsika, ndizisamala ndi chifuwa ndi malungo, ndisamachedwe kupita kuchipatala.

Sindinachire tsiku limodzi. Panapita masabata, kenako ndinaona kuti m'mawa zala zikumasuka madzi a tiyi asanawire. Tsiku lina ndinalowetsa ulusi m'singano ndekha. Zala ziwiri za kumanja zinapindika, ndipo dokotala anati sizidzawongoka, mankhwala ndizimwabe. Koma ndikusoka.

Nditabwerera pakhonde langa ndinawoloka msewu, n'kugwada pambali pa makina a mayi Asiyatu, makasitomala awo akuona. Ndinawauza zonse, ngakhale zimene sanazimve kwa wina aliyense. Anandidzutsa, nandiuza kuti mphekesera ija inawapweteka kwambiri. Amayi ena anasiya kuwapatsa moni, ndipo mwana wawo wamng'ono ankanyozedwa kusukulu. Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinafunsa chifukwa chimene anabwererabe kwa ine.

"Ndinakwiya sabata yonse," anatero. "Koma ndikagwada pa swala ndinkaona manja a azakhali anga. Sindikanatha kukhala chete."

Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kunena kuti ndinanamizira munthu wosalakwa. Ndinapitanso kwa mayi wa pamsika uja kukanena zomwezo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero limene sindinalipemphe bwino. Ndikuthokoza mayi Asiyatu, Zainabu, dokotala uja ndi amuna anga. Inu amene zala zikukutupani m'mawa, musafunefune wokulodzani, pitani akakuyezeni zisanapindike, ndipo musatope kupemphera ngakhale mankhwala achedwe kugwira. Makasitomala anga ambiri sanabwerere, anatsala tsidya lija. Masiku ena ndikaona mzere pakhonde la mnzanga, mtima umandikokabe. Zikatero ndimaika sizasi pansi, n'kuwapempherera powatchula dzina, mpaka mtimawo utatsika. Nanunso muzindipempherera. Ameni.